Mukuka Nkoloso: Mphunzitsi amene adafuna kutumiza Azambia kumwezi

Aliyense amene adakulira pafupi ndi kanyumba koonetseramo mafilimu, kaya pa Madziabango, pa Chileka kapena pa Lirangwe, akudziwa phokoso lomwe ana amachita ikafika filimu ya zam'mlengalenga. Chombo chikang'anima n'kuzimirira pakati pa nyenyezi, kapena chimunthu cha makutu osongoka chikayamba kuyankhula, ngakhale wogulitsa zitumbuwa pakhomo amasiya dengu lake n'kusuzumira.

Ena amakopeka ndi makina odabwitsa, ena ndi mfuti zolavula moto. Koma funso lomwe ife tinkafunsana tikamatuluka m'kanyumba ka pa Madziabango lidali lina: bwanji m'zombo zimenezi simupezeka munthu wa kwathu kuno?

Mkulu wina wa m'dziko la Zambia adadzifunsapo funso lomweli zaka zoposa 60 zapitazo, ndipo sadadikire kuti wina amuyankhe. Dzina lake lidali Edward Festus Mukuka Nkoloso. Ena amamukumbukira ngati wamisala amene ankagubuduza ana a eni mumgolo. Koma boma la dziko lake lidamuika m'manda mwaulemu wonse, ndipo maboma sachita zimenezi kwa munthu woseketsa chabe.

Nkoloso adabadwa m'chaka cha 1919 kumpoto kwa dziko lomwe panthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka, adatengedwa kukalowa usilikali m'gulu la Northern Rhodesia Regiment. Asilikali a gululi, monganso agogo athu a KAR ochokera ku Nyasaland kuno, adakamenya nkhondo ya Angerezi kutali monga ku Abyssinia ndi ku Burma. Nkoloso adafika pa udindo wa sajeni m'gawo loona zotumiza ndi kulandira mauthenga, kotero makina a wailesi sadali achilendo kwa iye.

Atabwerako kunkhondo adagwira ntchito yomasulira zinenero m'boma la atsamunda, kenako adakhala mphunzitsi wa kupulayimale. Adatsegula sukulu yakeyake koma akuluakulu a boma adaitseka. Munthu amene adaika moyo wake pachiswe kumenyera mfumu ya ku England adaona kuti m'dziko lake lomwe sangaphunzitse ana popanda chilolezo cha mzungu. Apa ndi pomwe adalowa ndale.

Zaka zimenezo zidali za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chidayamba mu 1953 ndipo Amalawi ndi Azambia adadana nacho chimodzimodzi. Nkoloso adamangidwa mu 1956 ndiponso mu 1957. Ulendo wachiwiriwu adali atatsogolera anthu a m'boma la Luwingu kukana kumvera malamulo a atsamunda, ndipo atamugwira adamuzunza koopsa asadamutsekere. Pambuyo pake adakhala mmodzi mwa oona zachitetezo m'chipani cha UNIP cha Kenneth Kaunda.

Zimenezi n'zofunika kuzisunga m'mutu, chifukwa atolankhani akunja omwe adadzamuseka mu 1964 ambiri sadavutike n'kufunsa kuti mkuluyu adachokera kuti.

Mu 1960, dziko lisadalandire n'komwe ufulu, Nkoloso adakhazikitsa bungwe la dzina lalitali, Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Panthawiyo maiko a America ndi Soviet Union adali pa mpikisano wa wafawafa wolimbirana mlengalenga. A Soviet adaponya Sputnik mu October 1957, mwezi wotsatira adatumiza galu wotchedwa Laika, ndipo pa 12 April 1961 Yuri Gagarin adakhala munthu woyamba kuzungulira dziko lapansi ali m'chombo. Nkoloso adalengeza kuti Zambia idzawapitirira onsewo: idzayamba kufika kumwezi, kenako ku Mars.

Adasonkhanitsa achinyamata pafupifupi 12 pa famu ina yosiyidwa, mtunda wa makilomita 11 kuchokera mumzinda wa Lusaka, n'kuwatcha ma Afronaut. Ophunzirawa ankalowa mumgolo wa mafuta wa malita 200, anzawo n'kuugubuduza kutsetsereka phiri, ati kuti azolowere kuzunguzika kwa m'chombo. Ankakweranso katungwe kuti amve mmene thupi limapepukira kumwamba. Chombo chawo, chomwe adachitcha D-Kalu 1 polemekeza Kaunda, chidali ngati chimgolo chachikulu cha aluminiyamu ndi kopa, chotalika mamita atatu. Ponena za mphamvu yochiponyera kumwamba, mkuluyu ankakamba za njira yonga legeni.

Oyamba kupita ku Mars amayenera kukhala mtsikana wina wosakwana zaka 18, amphaka awiri ndi mmishonale. Tsiku loponya chombo lidali 24 October 1964, tsiku lomwe Zambia idalandira ufulu, patangotha miyezi itatu ndi theka Malawi italandira wake. Chilolezo sichidaperekedwe. Nkoloso adapempha mapaundi 7 miliyoni ku bungwe la UNESCO, koma sadalandire ngakhale tambala, ndipo boma la Zambia lidanena poyera kuti pempholo silidali lake.

Kunena zoona, D-Kalu 1 sikadapita kulikonse. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, ndipo kuti chinthu chithawe mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi chiyenera kuthamanga makilomita 11 pa sekondi imodzi. Roketi ya Saturn V yomwe idanyamula Neil Armstrong ndi anzake mu July 1969 idali yotalika mamita 110. Palibe legeni yomwe ingachite zimenezo, ngakhale itakokedwa ndi mudzi wonse.

Komabe si zonse zomwe zidali zopanda mutu. Aliyense amene adakwerapo katungwe amadziwa kuti ukafika pamwamba penipeni, m'mimba mumachita ngati mwatsala m'malere. Kwa kamphindi kameneko thupi limakhaladi ngati lilibe kulemera, ndipo akatswiri a ku America ndi ku Russia amaphunzitsa anthu awo pa mfundo yomweyi, kungoti iwo amagwiritsa ntchito ndege yomwe imakwera n'kutsika mwadzidzidzi. Za mtsikana ndi amphaka nazonso sizidali zachilendo: Valentina Tereshkova wa ku Soviet Union adali atapita kale m'mlengalenga mu June 1963, ndipo mu October chaka chomwecho dziko la France lidatumiza mphaka wotchedwa Félicette, yemwe adabwerako wamoyo. Zikuonetsa kuti mphunzitsiyu ankatsatira nkhani za sayansi mwachidwi. Chomwe adalibe ndi ndalama ndi mafakitale.

Atolankhani omwe adabwera ku Lusaka kudzaona mwambo wa ufulu adapeza nkhani yoposa yomwe adadzera. Magazini ya Time idalemba za iye, mtolankhani Arthur Hoppe wa nyuzipepala ya San Francisco Chronicle adamulemba kangapo, ndipo atolankhani ena adamujambula pa kanema. Kanema ameneyu, wopanda mitundu, akupezeka pa intaneti mpaka lero. Nkoloso akuoneka atavala chipewa chachitsulo cha usilikali ndi chinsalu chapamapewa, akuyankha mafunso nkhope ili gwa, osamwetulira ngakhale pang'ono, uku anyamata ake akudumphadumpha.

Nkhope yosasekayo ndi yomwe yakhala ikuzunguza anthu mitu. Kodi ankanena zoona kapena ankawaseka omwe ankamusekawo?

Taonani zomwe adalemba m'nyuzipepala za ulendo wa ku Mars. Iye adati adaiona Mars ndi makina oonera kutali ndipo adatsimikiza kuti kumakhala anthu osatukuka. N'chifukwa chake m'chombo mudayenera kukhala mmishonale, koma adamulangiza kuti asakakakamize eni dzikowo kulowa Chikhristu ngati sakufuna. Adadandaulanso kuti akazitape a ku America ndi ku Russia akufuna kumubera mtsikana uja ndi amphaka ake.

Munthu wa m'boma la Blantyre, lomwe dzina lake lidachokera kumudzi kwa David Livingstone ku Scotland, safunika womumasulira nthabwala imeneyi. Alendo ochokera kutali, kufika pamalo pomwe pali kale eni ake, kuwatcha osatukuka, n'kuwabweretsera chipembedzo: imeneyi ndi mbiri yathu yomwe, kungoti Nkoloso adaitembenuza chadodolido. Ulendo uno wofika pa chombo adali Mwafirika, ndipo adalonjeza kuchita mwaulemu kuposa mmene adachitira omwe adafika kuno. N'zovuta kukhulupirira kuti munthu amene adazunzidwa m'manja mwa atsamunda adalemba zimenezi mwangozi.

Mlembi wa ku Zambia, Namwali Serpell, adafufuza nkhaniyi n'kuilemba m'magazini ya The New Yorker mu 2017. Iye adaonetsa kuti mwina mkuluyu ankachita sewero lonyogodola azungu, ndipo mwana wa Nkoloso adamufotokozera kuti maphunziro a pafamu paja adalinso okonzekeretsa omenyera ufulu. Mwina zonse n'zoona nthawi imodzi. Munthu akhoza kulota ndi mtima wonse uku akudziwa kuti maloto akewo akubaya ena.

Apa ndi pomwe moyo wa Nkoloso ukukumana ndi masewero a pa wailesi ya kanema aja. Omwe amakhalitsa m'mitima ya anthu sakamba kwenikweni za nyenyezi. Amatenga nkhani ya pansi pano, yomwe ikadakhala yowawa kuikamba mwachindunji, n'kuisamutsira kudziko lina kuti tiione bwino. Sewero la Doctor Who lidayamba pa BBC mu November 1963, ndipo Star Trek ya Gene Roddenberry idayamba ku America mu September 1966. Mu Star Trek, lamulo lalikulu kwa oyenda m'chombo ndi loti asalowerere pa moyo ndi chikhalidwe cha anthu omwe awapeza kumaiko ena. Limeneli ndi langizo lomwe lija Nkoloso adapereka kwa mmishonale wake zaka ziwiri seweroli lisadayambe.

M'chombo cha Star Trek mudalinso mayi wachikuda, Uhura, dzina lochokera ku mawu a Chiswahili otanthauza ufulu. Ntchito yake idali yolandira ndi kutumiza mauthenga, yomwe ija Nkoloso ankagwira kunkhondo. Nichelle Nichols, yemwe adasewera mbali imeneyi, adakopa mtsikana wina wa ku Chicago, Mae Jemison, amene mu September 1992 adakhala mayi woyamba wachikuda kupita m'mlengalenga. Jemison adayamba waona munthu wofanana naye pa kanema, kenako adakwera chombo chenicheni. Achinyamata a pafamu ya ku Lusaka adalibe wowaonetsa chithunzi chotere, ndiye mphunzitsi wawo adawapangira ndi zomwe zidalipo: mgolo, chingwe ndi phiri.

Sukulu ya ma Afronaut idatha mwakachetechete. Ndalama sizidabwere, anyamata adabalalika, ndipo mtsikana uja atatenga pathupi makolo ake adadzamutenga. Nkoloso mwini adadandaula kuti ophunzira ake adaika mtima pa zibwenzi m'malo mwa mwezi. Adapikisanapo pa mpando wa meya wa Lusaka, akulonjeza kutukula mzindawo ndi sayansi, koma adagwa.

Kaunda sadamutaye. Adamuika kukhala nthumwi yake ku African Liberation Centre mu Lusaka, malo omwe ankathandiza zipani zomenyera ufulu wa maiko oyandikana nawo, monga FRELIMO ya ku Mozambique, MPLA ya ku Angola, ZAPU ndi ZANU za ku Rhodesia, SWAPO ya ku Namibia ndi ANC ya ku South Africa. Imeneyi sidali ntchito yopatsa munthu wozungulira mutu, poti adani a zipanizi adali ndi akazitape awo mumzindamo. Nkoloso adalimbikitsanso boma kuti lizilemekeza asing'anga ndi mankhwala achikuda, ndipo adatsogolera bungwe la asilikali akale ku Ndola.

Ali ndi zaka 64, mu 1983, adalandira digiri ya zamalamulo pa University of Zambia. Dziko la Soviet Union, lomwe ankati adzalipitirira pa ulendo wa kumwezi, lidamupatsa mendulo yokumbukira kuti patha zaka 40 chithere nkhondo yachiwiri ija. Adamwalira pa 4 March 1989, kutatsala zaka 10 kuti Malawi ikhale ndi wailesi yakeyake ya kanema, TVM, mu 1999.

Dzina lake lidazilala kwa kanthawi, kenako lidatulukiranso. Mu 2012 wojambula zithunzi wa ku Spain, Cristina de Middel, adatulutsa buku la zithunzi lotchedwa The Afronauts, ndipo mu 2014 Frances Bodomo wa ku Ghana adapanga filimu yaifupi pa nkhani yomweyi. Serpell adamuika Nkoloso m'buku lake la The Old Drift, lomwe mu 2020 lidapata mphotho ya Arthur C. Clarke, yoperekedwa ku Britain kwa buku lopambana la nthano za sayansi.

Mu July 2023, Netflix idayamba kuonetsa Supa Team 4, sewero la zidole lolembedwa ndi mayi wa ku Zambia, Malenga Mulendema. Nkhani yake ndi ya atsikana anayi a sukulu omwe mayi wina wachikulire, kazitape wopuma pantchito, amawasonkhanitsa n'kuwapatsa zida zamakono kuti apulumutse dziko. Zonsezi zikuchitika mu Lusaka wa m'tsogolo, mzinda womwe uja udakana kusankha Nkoloso kukhala meya.