Juan Gutiérrez de Padilla, Mpeki wa Nyimbo za Khirisimasi ku Puebla

M'chaka cha 1663 akuluakulu a tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Puebla, m'dziko la Mexico, adalamula kuti nyimbo za mtsogoleri wa kwaya yawo zisonkhanitsidwe ndi kulembedwa mwaudongo m'buku limodzi lalikulu. Mtsogoleriyo adali atakalamba, ndipo chaka chotsatira adamwalira. Dzina lake lidali Juan Gutiérrez de Padilla. Akadazengereza akuluakulu aja, mwina bwenzi zambiri mwa nyimbo zake zitapita naye kumanda.

Padilla adabadwira ku Málaga, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa Spain, cha m'ma 1590. Sukulu yake idali kwaya ya tchalitchi chachikulu cha kwawoko, kumene Francisco Vásquez adamphunzitsa kuimba ndi kupeka nyimbo. Adayamba kutsogolera kwaya ku Jerez de la Frontera akali mnyamata, ndipo mu 1616 adapatsidwa udindo womwewo ku Cádiz. Adalinso wansembe. Cádiz ndi doko, ndipo masiku amenewo zombo zopita ku maiko a ku America zinkaonekera pakhomo. Pofika mu 1622 Padilla adali ataoloka nyanja ya Atlantic.

Adafika ku Mexico patapita zaka zana chigonjetsere Asipanishi ufumu wa Aaziteki mu 1521. Puebla, mzinda umene atsamundawo adaumanga mu 1531 pa njira yochokera ku doko la Veracruz kupita ku likulu, udali wolemera kwambiri, wachiwiri kwa Mexico City yokha. Kumeneko Padilla adayamba ngati wothandiza Gaspar Fernandes, katswiri amene ankapeka nyimbo ngakhale m'Chinahuatl, chinenero cha eni nthaka. Fernandes atamwalira mu 1629 Padilla adalowa m'malo mwake, nakhala pa udindowo zaka 35.

Mwayi wake udakula mu 1640 pamene kudabwera episkopi Juan de Palafox y Mendoza, munthu wokonda mabuku ndi nyimbo, amene adafulumiza ntchito yomanga tchalitchi chatsopano mpaka chidadalitsidwa mu 1649. Ndalama za kwaya sizinkasowa. Padilla adali ndi anyamata 14 ndi amuna 28, ena mwa iwo odziwanso kuimba zeze, limba ndi zitoliro. Ankawagawa m'magulu awiri oyang'anizana, lililonse la mawu anayi, kuti gulu lina likaponya linzake lizilandira. Aliyense amene adamvapo amayi akulandizana nyimbo pamtondo angamvetse msanga kukoma kwake, ngakhale kuti kuno mawu adali asanu ndi atatu ndipo chinenero chidali Chilatini.

Koma chimene chidamkondetsa kwa anthu wamba si Misa zake za Chilatini ayi. Ndi nyimbo zotchedwa villancico. Dzinali lidachokera ku liwu la Chisipanishi lotanthauza munthu wa kumudzi, pakuti poyamba zidali nyimbo za alimi za ku Spain. Mpingo udazitenga nuziveka mawu achipembedzo, ndipo usiku wa Khirisimasi, pa mapemphero aatali a Chilatini, kwaya inkalowetsamo nyimbo zimenezi m'chinenero chimene anthu ankachimva. Chaka chilichonse mtsogoleri wa kwaya ankayenera kupeka zatsopano, kawirikawiri zisanu ndi zitatu. Taganizani mphunzitsi wouzidwa kuti Disembala aliyense abwere ndi nyimbo zisanu ndi zitatu zimene munthu sadamvepo, ndipo zikaimbidwa usiku umodzi basi ziikidwe padera! Padilla adachita zimenezi mpaka ukalamba.

Mu nyimbozi ankatapa paliponse. Ina inkatsata kavinidwe ka jácara, nyimbo ya akathyali a m'misewu ya ku Spain, koma tsopano yotamanda mwana wa ku Betelehemu. Ina inkatsanzira abusa a ku Galicia ndi zitoliro zawo. Mwa njira imeneyi mayimbidwe a m'midzi ndi m'misika, amene eni ake sankadziwa kuwalemba, adakhala papepala. Komabe tisanamizane: chimene chidasungidwa si nyimbo yeniyeni ya mlimi, koma chithunzi chake monga adachijambulira wansembe wophunzira.

Mfundo imeneyi imapweteka kwambiri tikafika pa mtundu wotchedwa negrilla. Ku Puebla kudali akapolo ambiri ochokera ku Africa, makamaka ku Angola ndi ku Kongo. Negrilla inkaonetsa anthu akudawo akupita kukalambira Yesu ndi ng'oma ndi magule, akulankhula Chisipanishi chopotoka, chopotozedwa dala kuti a m'tchalitchi aseke. Oimba ake adali a kwaya, ndipo olemba mawu ake sadali akapolowo. Padilla ankawadziwa bwino anthu amenewa, pakuti adali ndi nyumba yopangiramo zida zoimbira, zimene zinkagulitsidwa mpaka ku Guatemala, ndipo antchito ake mmenemo adali anthu akuda. Alipo akatswiri amene amati m'kagundidwe ka nyimbozi mukumveka Africa. Ine ndiona kuti mukumveka kwambiri khutu la mbuye kuposa pakamwa pa kapolo, ndipo n'chifukwa chake makwaya ena lero amayamba akambirana asanaziimbe, pamene ena amafotokozera kaye omvera mbiri yake.

Tsono tibwerere ku lamulo lija la 1663. Buku lalikululo lidasunga Misa ndi nyimbo zina za Chilatini, zimene akuluakulu ankaziona kuti ndizo zolemekezeka. Nyimbo za Khirisimasi zidatsala m'timabuku ta m'manja, woimba aliyense ndi kake ka mawu ake okha, kotero kuti kamodzi kakatayika nyimbo yonse inkalumala. Mwa zaka zonse zija, zimene zidapulumuka bwino ndi za m'ma 1650. Padilla atamwalira mu 1664, udindo wake udapita kwa Juan García de Zéspedes, amene adakulira m'kwaya yomweyo. Kenaka zokonda za anthu zidasintha, ndipo mapepala aja adagona m'makabati a tchalitchi zaka pafupifupi 300.

Mu 1952 Robert Stevenson wa ku United States adatulutsa buku la mbiri ya nyimbo za ku Mexico, ndipo mu 1953 Alice Ray adamaliza kafukufuku wake wa nyimbo za Padilla za magulu awiri. Ntchito yake idali ya chipiriro: kuwerenga zizindikiro zakale za mayimbidwe ndi kulemba mawu onse pa tsamba limodzi kuti kwaya ya masiku ano ithe kuimba. Mu 1974 Stevenson adasindikizanso buku la nyimbo za Khirisimasi za ku Mexico za nyengo imeneyo. Kuchokera apo makwaya a ku Mexico, ku Spain ndi ku Britain adayamba kuziphunzira, ndipo kwaya ya The Sixteen ya ku Britain idajambula chimbale chathunthu cha nyimbo za Padilla. Mabuku enieniwo akadali m'tchalitchi cha Puebla, momwe adalembedwera.