Oda Nobunaga, Mtsogoleri Amene Anakhulupirira Mfuti

Anzanga okonda magemu a nkhondo, Oda Nobunaga mukumudziwa? Anabadwa mu 1534 ku Owari, m'dziko la Japan. Ali mnyamata ankamuyesa chitsiru, koma mu 1560 anagonjetsa chigulu cha Imagawa Yoshimoto ndi asilikali ochepa chabe.

Masiku amenewo asamurai ankadalira mikondo, mauta ndi malupanga. Mfuti zinabwera ndi Apwitikizi mu 1543, ndipo Nobunaga anazikonda. Mu 1575 ku Nagashino anaika owombera kuseri kwa mipanda yamitengo. Asilikali a Takeda, odziwika pankhondo yapamahatchi, ambiri anathera pompo.

Komatu mkuluyu anali wankhanza: mu 1571 anatentha akachisi a paphiri la Hiei. Mu 1582 kazembe wake yemwe, Akechi Mitsuhide, anamuukira ku Kyoto. Nobunaga anafera m'kachisi woyaka moto, asanamalize kugwirizanitsa Japan.