Malemu Daniel Kachamba (1947–1987)

Malemu Daniel Kachamba adabadwa m'chaka cha 1947. Luso la gitala adalitengera kwa bambo ao, a James Kachamba, ndipo nyimbo za kwela adazidziŵa akali mnyamata ku Salisbury, banja lao lisanabwerere ku Chileka. Alipo oimba amene amachita kuitanitsa gitala wa nsambo 12 kwa amisiri akunja kuti mau achuluke. Iwoŵa ai: pa nsambo 6 zija ankachotsapo imodzi, komabe womvera ankayesa kuti akuimba ndi anthu aŵiri. Mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria adaŵapeza akuimba mu Blantyre pamodzi ndi mng'ono wao Donald, najambula nyimbo zao. Mu 1972 adakaimba ku Ulaya. Adamwalira mu 1987, asanakalambe n'komwe.