Mbusa Amene Anakana Pothawira

Dietrich Bonhoeffer, mbusa wa mpingo wa Lutheran ndiponso mphunzitsi pa yunivesite ya Berlin, anabadwa m'chaka cha 1906. Pamene otsatira Hitler anafuna kuchotsa abusa a fuko la Chiyuda mu mpingo mu 1933, iye anatsutsa poyera, ambiri ali chete. Boma linamletsa kuphunzitsa, nkutsekanso sukulu yake ya abusa ku Finkenwalde mu 1937.

Mu 1939 abwenzi anampezera pothawira ku New York, koma sanathe ndi mwezi womwe. Mtima unamtsutsa: adzaumanganso bwanji mpingo wakwawo asanasautsike nawo pamodzi?

Anabwerera, nathandiza Ayuda ena kuthawira ku Switzerland, nagwirizananso ndi ofuna kugwetsa Hitler. Anamangidwa mu 1943, nanyongedwa ku Flossenbürg pa 9 April 1945, ali ndi zaka 39.