Alexander Fleming

Mwana akadwala chibayo ku Kaporo, m'boma la Karonga, kuchipatala amampatsa mankhwala a mtundu wa penisilini. Munthu amene adatulukira penisilini ndi Alexander Fleming.

Fleming adabadwira pa famu ina ku Scotland m'chaka cha 1881. Atakula adaphunzira udokotala pa chipatala cha St Mary's ku London. Tsiku lina m'chaka cha 1928 adapeza chuku chitamera m'mbale imene ankasungiramo tizilombo toyambitsa matenda. Atayang'anitsitsa adaona kuti tizilombo toyandikana ndi chukucho tafa. Patapita zaka, Howard Florey ndi Ernst Chain adapanga mankhwala kuchokera ku chukucho, ndipo atatuŵa adalandira mphotho ya Nobel mu 1945.

Fleming adachenjeza kuti munthu akamwa mankhwala opereŵera, tizilombo timawazoloŵera ndipo sitifanso. Iye adamwalira mu 1955, koma zimene adanenazo zachitikadi. Nchifukwa chake akatswiri akuyesa kuphatikiza mankhwalaŵa ndi mafuta onunkhira a m'masamba a bulugama ndi zomera zina, amene amafooketsa khungu la tizilomboto. Ntchitoyi ikadali pa mayeso. Ife tikadwala, tizimwa mankhwala monga momwe adokotala atiuzira.