Gauss, Mwana wa Mmisiri Amene Anakayikira Madigiri 180

Tonse amene tinadutsa m'kalasi ya masamu timaidziwa njira yake. Poligoni iliyonse timaiduladula m'mathirayango kuchokera pa ngodya imodzi, ndipo mathirayangowo amachepa ndi awiri pa chiwerengero cha mbali zake. Ya mbali 5 imatipatsa mathirayango 3, ndiye ngodya zake zam'kati zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 540. Zonsezi zatsamira pa mfundo imodzi ya Euclid, yoti ngodya za thirayango zimakwana madigiri 180. Carl Friedrich Gauss anaigwiritsa ntchito mfundoyi moyo wake wonse, koma mumtima ankaikayikira.

Anabadwa pa 30 April 1777 ku Braunschweig, m'dziko la Germany, m'banja losauka. Bambo ake ankagwira ntchito zamanja, kumanga ndi kulima m'madimba, ndipo za sukulu sizinkawakhudza kwenikweni. Mfumu ya deralo itamva za nzeru za mnyamatayu, inayamba kumulipirira maphunziro mpaka anafika ku yunivesite ya Göttingen mu 1795.

Kumeneko anali pa mphambano, kusankha pakati pa zinenero zakale ndi masamu. Chinathetsa nkhaniyi ndi poligoni ya mbali 17. Pa 30 March 1796, asanakwanitse zaka 19, anaonetsa kuti poligoni yotere, ya mbali ndi ngodya zofanana, itha kujambulidwa ndi kampasi ndi lula wopanda manambala basi. Agiriki ankadziwa kujambula ya mbali 3, 5 ndi 15, koma kwa zaka pafupifupi 2,000 palibe anapezapo ina yonga iyi. Tikawerengera mwa njira yathu ija, mathirayango ndi 15, madigiri onse ndi 2,700, ndipo ngodya iliyonse imaposa pang'ono madigiri 158. Kuwerengako nkosavuta, chovuta chinali kujambula ngodya yoteroyo popanda choyezera.

Mu 1807 anakhala mkulu wa malo oonera nyenyezi ku Göttingen. Mkazi wake woyamba, Johanna, anamwalira mu 1809.

M'zaka za m'ma 1820 anayenda m'mapiri kuyeza dziko la Hanover, kulidula m'mathirayango monga timachitira pa pepala. Thirayango yaikulu inalumikiza mapiri a Hoher Hagen, Brocken ndi Inselsberg, ndipo mbali yake yaitali inaposa makilomita 100. Pa dziko lobulungira, ngodya za thirayango yotere zimapitirira madigiri 180 ndi kachigawo kakang'ono ka digiri imodzi, ndipo Gauss ankayenera kukawerengera.

Kukayika kwake kunali kozama kuposa apa. Anali ataona kuti nkotheka kukhala ndi jiyometiri ina yosadzitsutsa, mmene ngodya za thirayango zimaperewera pa 180. Sanasindikize chilichonse, poopa phokoso la anzake ophunzira. Mu 1832 János Bolyai, mwana wa mnzake wa ku Hungary, anatulutsa maganizo omwewo. Gauss anayankha bambo a mnyamatayo kuti iye anaziganiza kale zimenezo. Zinali zoona, koma ife tikuona kuti pamenepa mkuluyu anamulakwira mwanayo. Liwu limodzi la Gauss pagulu likanam'tsegulira njira, koma Bolyai anakhumudwa ndipo sanasindikizenso za masamu.

Gauss anamwalira ku Göttingen pa 23 February 1855. Makalata ake atasindikizidwa, akatswiri anayamba kuwerenga mofatsa zimene Bolyai ndi Nikolai Lobachevsky wa ku Russia analemba.