Daniel O'Connell, Momasula wa Dziko la Ireland

Pogula mbatata ya kacewere pa msika wa ku Lilongwe, kumbukirani cisumbu ca Ireland, kumene amphawi analibe cakudya cina koma mbatata yomweyo. Kumeneko kunabadwa Daniel O'Connell, m'dera la Kerry, caka ca 1775.

Masiku amenewo dzikolo linali m'manja mwa Angelezi. Minda yambiri inali ya eni cuma, ndipo olimamo analipira lendi, monga makolo athu anasauka ndi thangata. Akatolika, ngakhale anali ocuruka, sanaloledwe kukhala m'Nyumba ya Malamulo, ndiponso anapereka cakhumi kwa mpingo umene sunali wao.

Ali mnyamata anaphunzira ku France, naona cipolowe ca dziko lija. Cifukwa cace anadana ndi kukhetsa mwazi. Caka ca 1798 anakhala woimirira anthu pa milandu. Koma nayenso anapunthwa: caka ca 1815 anakangana ndi munthu wina dzina lace D'Esterre, nalasana naye ndi mfuti, namupha. Cisoni ca imfa imeneyo sicinamcoke, ndipo anathandiza mwana wamkazi wa malemuyo zaka zambiri.

Caka ca 1823 anayambitsa bungwe la Akatolika, ndipo patapita caka anapempha ali yense, ngakhale wosauka, kusonkha kobiri limodzi pa mwezi. Makobiriwo anagwirizanitsa mtundu wonse. Caka ca 1828 anthu a ku Clare anamsankha, boma linaopa nkhondo, ndipo caka ca 1829 linatsegulira Akatolika khomo la Nyumba ya Malamulo. Koma ufuluwo unadza ndi cowawa cace, pakuti olima ang'ono ambiri, amene anamsankha, analandidwa mphamvu ya kusankha. Iye anatsutsanso ukapolo kolimba, nakana ndalama za eni akapolo a ku America.

Pambuyo pace anafuna kuti Ireland akhalenso ndi Nyumba ya Malamulo yaceyace, imene inathetsedwa caka ca 1801. Makamu akuru anasonkhana kudzamva mau ace. Caka ca 1843 boma linaletsa msonkhano wa ku Clontarf, niikako asilikari. Apa panali poyesa mtima wace: kupitirira kukadaphetsa anthu, kubwerera kukadamcotsera ulemu. Iye anabweza anthu. Anyamata ambiri anamnyoza, ndipo caka ca 1844 anakhala m'ndende miyezi itatu.

Caka ca 1845 mbatata inayamba kubvunda m'minda, njala inalowa, nipha anthu ngati miliyoni imodzi. Nkhalambayo inapempha cithandizo ku London ndi mau ofooka, koma siinapeze cokwanira. Anamwalira ku Genoa pa 15 May 1847, ali pa ulendo wa ku Roma.

Ufulu umene anaufuna sanauone ndi maso. Koma tifunsane, abale: atsogoleri angati angalole kunyozedwa, kuti ana a eni ace abwerere kwao amoyo?